Maliro Amene Sitinapemphe

Chinali chaka cha 1995, ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Ndinali mkulu wa adzukulu m'mudzi mwathu, kumtunda kwa Songani, mbali ya kuphiri. Adzukulu ndife okumba manda. Ntchito imeneyi salemba munthu ndipo salipira. Ndinaiyamba ndili mnyamata, ndipo palibe banja limene linganene kuti ndinalikumbira manda okhota kapena osazama.

Chaka chimenecho, mwezi wa Okutobala, anamwalira a Khansala.

Dzina lawo sindilemba. Amene anawadziwa akulidziwa. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Kuchipani anali tcheyamani wa dera lathu lonse. Ku Zomba, kukhonsolo, ndiwo ankatiyankhulira. Maudindo atatu, jekete limodzi lakuda. Ife tinkangoti a Khansala, ngakhale Lamulungu akugawa mgonero.

Sanabadwire kuno. Anachokera ku Phalombe nthawi ya atsamunda, ali mnyamata womanga nyumba, levulo ndi chingwe zili m'thumba la chiguduli. Anakwatira mkazi wa m'mudzi mwathu n'kukhala pakhomo pa mkaziyo, monga amachitira mkamwini aliyense. Zaka zitachuluka anthu anaiwala kuti ndi mkamwini. Munthu akamaitanitsa msonkhano, akamagawa ntchito, akamadzudzula ana anu pamsewu, mumayamba kuganiza kuti mchombo wake unakwiriridwa pomwepo.

Tchalitchi chathu cha njerwa anamanga ndi iwo, ndipo mpaka lero khoma lake lilibe mng'alu. Mlatho wa pakamtsinje ka kusukulu, pamene ana ankakokoloka m'dzinja, anaupempha kuboma mpaka akuluakulu anatopa nawo. Tsiku louumba njerwa za sukulu ankafika oyamba, atapinda buluku, n'kulowa okha m'matope. Poyimba ankagwira besi, ndipo ankamveka kuchokera kumsewu.

Zinazo nazonso ndi zoona. Pamsika wa Songani panali chingwe polowera, ndipo wopanda khadi la chipani sankadutsa. Anyamata ogwira chingwecho ankamvera a Khansala. Nyumba za anthu a mpingo wina wokana makhadi zinapsa masana dzuwa likuswa mtengo, iwo ataima pamsewu ndi njinga yawo. Ena amati analetsa kuti anthuwo asamenyedwe. Ena amati ndiwo analoza nyumbazo. Ine tsiku limenelo ndinali kudimba, sindinaone.

Mkazi wawo anali ndi achimwene ake, amene anali mwinimbumba wa banja limenelo, ndiye kuti mlonda wa alongo ake ndi ana awo. Bambo ofatsa, osoka mphasa. Mwana wawo wamwamuna, mphunzitsi wongoyamba kumene ntchito, analankhula mosasamala pamowa. Galimoto inabwera kusukulu kudzamutenga. Bambo akewo anapita kwa alamu awo a Khansala kukapempha kuti akafunseko. Yankho linali lakuti nkhaniyo ili pamwamba pawo, adikire. Anadikira. Mnyamatayo sanabwerenso. Alamu awiriwo anapitiriza kudyera mbale imodzi pa maukwati ndi pa maliro, ndipo palibe anawamvapo akukangana.

Koma chimene a Khansala ankadziwa kuposa wina aliyense m'chigwa chino ndi kupempha maliro.

Mwambo wake ndi uwu. Mkamwini akamwalira, thupi si la mkazi wake kapena la ana ake. Ndi la akwawo. Akwawowo amabwera, amakhala pansi pa mtengo, wamkulu wawo amaimirira n'kunena kuti, "Tabwera kudzatenga m'bale wathu." Nthawi zambiri safuna kumutenga. Ulendo ndi wautali, ndipo ana a munthuyo ali kuno. Koma mawuwo ayenera kunenedwa, kuti asaoneke ngati anthu otaya m'bale. Ndiye wa kuno amadzuka, amagwada, amapempha. Iwo amakana kamodzi, mwina kawiri, kenako amalola. Woyenera kupempha ndi mwinimbumba wa kuchikazi. Amfumu sapempha, ntchito yawo ndi kuloleza malo kumanda. Koma kwathu kuno, kwa zaka zambiri, eni mbumba onse ankangotembenuka n'kuyang'ana a Khansala.

Ankayamba ndi kutsokomola pang'ono, ngati munthu wogogoda pakhomo. Kenako ankavula chipewa, kukoka buluku pamaondo, n'kugwada pafumbi ndi suti yomwe. Munthu amene ankanjenjemeretsa msika wonse. Ndiye ankati, "Eni munthu, ife tilibe mawu. Munatibwereka khasu. Latilimira, lathyokera m'munda mwathu. Tisiyireni mpini wake kuti ana aziuona." Sindinaonepo alendo akuwakanira mpaka pamapeto.

Chipani chawo chinagwa pa chisankho cha 1994. Baji anavula, misonkhano inatha. Ankakhala pakhonde ndi Baibulo ndi wailesi. Anyamata odutsa pamsewu ankalira ngati tambala kuti awanyoze, iwo ankangowayang'ana mpaka apite. Kutchalitchi anakhalabe mkulu. Pa maliro anapitiriza kugwada, ngakhale podzuka ankafuna dzanja la munthu.

Nyengo yozizira ya chaka chimene anamwalira, tikukumbira mayi wina wokalamba, anatulukira kumanda ndi ndodo yawo. Akuluakulu sabwera kumanda adzukulu asanamalize, ndiye ndinatuluka m'dzenje kukawachingamira. Ananditengera kumapeto, pansi pa muwanga, pamene panagona mwana wawo woyamba, mtsikana amene anafa ndi chikuku asanayambe sukulu. Anagogoda pansi ndi ndodo, pambali pa kamtumbirako.

"Akulu a adzukulu, pano pali mwala?"

"Mwala palibe. Pali mizu."

"Mizu imadulika."

"Imadulika."

"Ndiye pano."

Ndinawafunsa ngati a ku Phalombe akudziwa. Anaseka.

"Akwathu ndi anthu aulemu. Adzanena mawu awo, inu mudzanena anu, basi. Ine kwathu ndi kuno. Kumene kuja ngakhale agalu sandidziwa."

Tonse awiri sitinaganize kuti wonena mawu athuwo adzakhala ndani.

A Khansala anagwa pakhonde Lachiwiri masana, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atapita. Uthenga unaulutsidwa pawailesi kuti a ku Phalombe amve. Anagwirizana zoika Lachinayi. Amfumu analoleza malo, ndipo Lachinayi m'mamawa ndinalowa kumanda ndi anyamata anga.

Dothi la Okutobala ndi chitsulo. Khasu limangodumpha, pamafunika piki. Ndinayeza ndi bango limene ndinali nditayezera bokosi, n'kulemba pansi. Mmodzi wa anyamatawo, wokonza njinga pa Songani, anali wapakamwa.

"Madala, awa tikumbe mozama kawiri. Angatuluke kudzafunsa makhadi."

"Usavutike," anatero mnzake. "Ukawapeza kumwamba pageti, atagwira chingwe. Khadi, aise!"

"Ndidzati ndaliiwala m'buluku lina."

"Adzakuuza bwerera ukalitenge."

"Ndiye zabwinotu, ndidzabwerera, osapitanso."

Adzukulu amaseka kumanda. Ndi mwambo, ndipo sindinawaletse. Koma nditaona wapakamwa uja akupendeketsa khoma la kumutu ndinamulanda fosholo.

"Iwe, munthu uyu anamanga tchalitchi ndi levulo. Usamugoneke m'nyumba yokhota."

"Pepani madala. Ndimati aone kuti zinthu zinasintha."

"Zasintha kumsika. Muno ayi."

Mizu ya muwanga tinaidula ndi nkhwangwa, umodzi umodzi. Dzuwa lisanafike pamutu tinali titamaliza. Ndinatsikamo ndekha, ndinasalaza pansi ndi dzanja, ndinatuluka. Manda abwino kuposa amenewo sindinakumbepo. Ndinasiya anyamata akuwotcha nkhuku yawo, ine ndinapita kusiwa kukanena kuti nyumba yatha.

Anthu anali atadzaza pansi pa mitengo ya mango mpaka kumsewu. Lole ya a ku Phalombe inali itafika m'mawa womwewo, yodzaza amayi ndi abambo. Pamwamba pake panali matumba a ufa ndi mitolo ya nkhuni. Ndinaziona, ndipo mtima unakhala pansi. Munthu wodzatenga mtembo sanyamula nkhuni. Anabwera kudzaika ndi kugona pa maliro.

Ndinaima patali, kuseri kwa nkhokwe. Mdzukulu amene ali ndi dothi la kumanda m'miyendo salowa pakati pa anthu mpaka aike maliro n'kusamba. Koma ndinkaona zonse ndipo ndinkamva.

Wolankhulira alendo anali mphwawo wa a Khansala, mwana wa achemwali awo, bambo wamtali wovala khoti la khaki. Achemwali awowo, okalamba kwambiri, anakhala pamphasa pafupi ndi phazi lake. Bamboyo anathokoza amfumu, anathokoza mpingo, kenako ananena mawu aja.

"Tabwera kudzatenga m'bale wathu."

Anakhala pansi kudikira.

Ndinaona mitu ya anthu athu ikutembenukira mbali imodzi, patsinde la mango pamene a Khansala ankakhala pa maliro aliwonse a mbali ino. Mpando wawo wa ndalema unali pomwepo. Anali ataunjikapo nkhata za maluwa.

Palibe anadzuka.

Abusa anali achilendo, a ku Nsanje, kumene mwamuna amaikidwa pakwawo popanda nkhani. Anaganiza kuti ndi za pabanja, anangoweramira m'buku la nyimbo. Akulu a mpingo anayang'ana mwinimbumba. Madala a chipani chakale anali atakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo chaka chimenecho panalibe wa iwo wofuna kuonekera pagulu. Kukhonsolo anatumiza nkhata ndi kalaliki wosadziwa munthu aliyense. Ana a malemu sakanatha, mwana sapempha bambo ake. Mwinimbumba, alamu awo aja, anali akutokosa pansi ndi kamtengo.

Mphwawo uja anaimiriranso. Analankhula pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi wothandiza mwana amene waiwala yankho.

"Ndati tabwera kudzatenga m'bale wathu. Kapena eni mudzi ali ndi mawu?"

Apa anali atatitsegulira chitseko. Mayi okalamba aja anadzutsa mutu n'kuyang'ana nkhope za anthu athu, imodzi imodzi. M'nyumba ya siwa amayi anasiya kulira. Amasiye anamva kuti panja pachita chete wolakwika. Ndinamva nkhunda padenga. Ndinamva kamtengo kaja kakukanda dothi.

Ndakhala pakati pa akufa moyo wanga wonse, koma chete ngati ameneyo sindinamumvepo kumanda.

Kachitatu bamboyo sanabwereze mawu aja. Liwu lake linali litasintha.

"Tamva. Mwatibwezera munthu wathu. Zikomo kwambiri."

Anauza anyamata ake kuti akonze malo palole.

Pamenepo ndinaswa mwambo wanga. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba mpaka pamene panaima lole. Anali akuwathandiza mayi aja kuyenda. Ndinagwada patsogolo pawo, dothi lili m'miyendo.

"Ndiwe yani, mwanawe?"

"Ndine mdzukulu, amayi. Nyumba yawo yatha. Anasankha okha malo, pambali pa mwana wawo."

Anayang'ana miyendo yanga, kenako manja.

"Wakumba bwino?"

"Bwino."

"Ife kwathu sitinakumbe," anatero. "Timadziwa kuti tikudzaika kuno." Anatembenukira mwana wawo, ndipo ndinaona kuti akufuna kulola.

"Amayi, musayankhe," anatero bamboyo. "Akulu a mpingo akhala chete. Alamu akhala chete. Ndiye atitumizire wokumba kuseri kwa lole? Amalume anali galu?"

"Palibe wandituma," ndinatero.

"Ndiye palibe wapempha."

Ankanena zoona. Ndikanakhala ine ndikanayankha chimodzimodzi.

Anthu ataona nkhuni zikutsitsidwa palole ndi pamene anadzidzimuka. Mkulu wina wa mpingo anabwera akuthamanga, chipewa chili m'manja, akuti pepani, panali kusamvana, tiyeni tikhalenso pansi. Bamboyo anamuyankha osamuyang'ana kuti mawu a pabwalo sabwezedwa pamsewu. Abusa anapemphera mwachidule bokosi lili kale m'manja mwa alendo. Amayi a mpingo anayamba nyimbo, injini inalira, ndipo nyimboyo inafera pakati pa ndime yachiwiri. Amasiye anakwezedwa palole ndi ana awo, alibe ngakhale chofunda cha paulendo. Lole inawoloka mlatho uja n'kulowera ku Songani.

Nkhuni za alendo zinatsala pamsewu. Zinakhala pomwepo mpaka mvula. M'mudzi mmene amayi amakwera phiri kukafuna nkhuni, palibe anatolapo ngakhale kamodzi. Chiswe ndicho chinamaliza.

Ine ndinatsala ndi dzenje.

Manda okumbidwa sagona opanda kanthu, ndipo sakwiriridwa opanda kanthu. Makolo ankati akatero amaitana munthu wina. Mumaikamo thunthu la nthochi m'malo mwa mwini wake. Mkulu wa mpingo uja ananditsatira mpaka polowera kumanda.

"Achimwene, zachikunja zimenezo ayi. Malemu eni akewo ankadana nazo. Ingokwirirani."

Zinali zoona. A Khansala anadzudzulapo mwambo umenewu paguwa.

"Pabwalo paja munali ndi mpata wolankhula," ndinatero. "Muno ndi mwanga mpaka nditakwirira."

Anabwerera.

Nthochi ndinakadula kuseri kwa nyumba ya a Khansala, pa zimene anabzala okha. Ndinasankha yaitali ngati iwo. Inali ndi mkoko wosakhwima, ndinaudula n'kuusiya pansi. Wapakamwa uja ananyamula kumutu, ine kumiyendo. Tinaitsitsa ndi zingwe, pang'onopang'ono, monga timatsitsira munthu, mutu kuloza kumene timalozetsa onse. Panalibe nyimbo, panalibe pemphero. Mpingo suyimbira nthochi.

Tili pakati pokwirira anafika mwinimbumba, okha. Anaima pamphepete n'kuyang'ana m'dzenje. Ndinauza anyamata kuti apume kaye patali.

"Alamu anu apita," ndinatero.

"Ndaona."

"Munali ndi pakamwa."

"Ndinali napo."

Kamtengo kaja kanali kadakali m'manja mwawo.

"Ndimati adikire pang'ono," anatero. "Monga ndinadikira ine. Pang'ono pokha. Kachitatu ndimati ndidzuke."

"Ndiye?"

"Miyendo inakana."

Sindidziwa ngati ankanena zoona. Mwina iwonso sankadziwa. Anawerama, anatapa dothi, anaima nalo m'manja, kenako analibwezera pamulu osaliponya m'dzenje. Anapita. Ife tinamaliza dzuwa lisanalowe, tinaumba mtumbira, tinakasamba kumtsinje.

Amene anapita ku Phalombe anabwera ndi nkhani yake. Anafika madzulo, kulibe manda, kulibe chokonzeka. Thupi linagonanso tsiku lina m'kutentha kuja. Anaika Lachisanu mothamanga. Wolalikira wa kumeneko sankawadziwa, anangoti anali m'bale wathu wokhala ku Zomba. Za tchalitchi, za mlatho, za makhadi, palibe ananena. Amasiye anakhala masiku ochepa pakati pa anthu osawalankhula, n'kubwerera pa basi. Kuyambira pamenepo mabanja awiriwo sanayenderanenso.

Nthochi imawola msanga. Mvula yoyamba itagwa mtumbira unatitimira pakati, ngati munthu wagonapo. Ndinapita ndi fosholo, ndinadzaza. Unatitimiranso. Ndinadzazanso. Palibe ananditumako. Amasiye ankabwera nthawi yolambula manda, ankasesa pa mwana wawo, kenako ankasesanso pambalipo. Ankadziwa chimene chili pansi. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pakati pa mitumbira iwiriyo akusenda nandolo, akulankhula motsitsa ngati munthu wouza mwamuna wake za pakhomo. Ndinabwerera osawapatsa moni.

Ndine Mkhristu, za mizukwa sindikamba. Ndikunena zimene khutu langa limamva. Kuyambira chaka chimenecho, pa maliro a mkamwini aliyense, alendo akati tabwera kudzatenga m'bale wathu, pamakhala kamphindi munthu asanadzuke. M'kamphindi kameneko ndimamva kutsokomola kuja. Kumachokera kumanzere kwanga, chakumbuyo pang'ono. Poyamba ndinkatembenuka. Pano sinditembenuka. Ndinafunsapo mkazi wanga ngati amamva, anati ndikukalamba. Wokonza njinga uja, amene pano ali ndi imvi ndipo ndiye mkulu wa adzukulu, sindinamufunse. Koma ndamuonapo akutembenuka.

Zaka zoyamba anthu athu ankadzuka awiri atatu nthawi imodzi, mlendo asanamalize n'komwe kulankhula, ngati nkhuku zoona kabawi. Ankagwada bwino, koma mawu ankawasowa. Ankangoti chonde, chonde. Wina anayesa kunena za khasu ndi mpini, anasokoneza, anthu anayang'ana pansi. Pano zambiri amamalizira pafoni, galimoto isananyamuke. Ana a masiku ano amati n'zosavuta, ndipo ndi zoona.

Mwinimbumba anamwalira patapita zaka zochepa. Ndinawakumbira ine, manda owongoka ngati a wina aliyense. Amasiye anakhala nthawi yaitali. Asanamwalire anauza ana awo kuti awaike pansi pa muwanga. Tinawaika pambali pa nthochi, chifukwa mbali inayo ya mwana kunali kale ena.

Ana obadwa pambuyo amadziwa kuti pamenepo ndi pa manda a a Khansala. Chaka china cha chisankho kunabwera bambo wina wofuna mavoti. Anamva kuti kuno kunali munthu wotchuka wa chitukuko, ndiye anabwera ndi nkhata yaikulu ndi wojambula. Anavula chipewa, anawerama, analankhula za kutsata mapazi a makolo. Tinalipo okalamba angapo odziwa. Tinangoyang'ana muwanga.

Ku Phalombe ndinapitako kamodzi, maso anga asanayambe kuchita nkhungu. Ndinakwera basi ziwiri ndi njinga ya kabaza. Sindinauze munthu chimene ndikupitira. Mayi okalamba aja anali atamwalira kalekale, bambo wa khoti la khaki nayenso. Anandilandira mwana wake, munthu waulemu, anandipatsa madzi ndi mpando. Nditanena za agogo ake a ku Zomba anaganiza kaye, kenako anapempha chilolezo kwa amfumu awo n'kunditengera kumanda. Tinadutsa m'udzu mpaka kumapeto, pafupi ndi munda wa mpendadzuwa. Panali mitumbira iwiri yophwa, yopanda chiliza, yopanda mtanda.

"Ndi awa," anatero. Anayang'ananso. "Kapena awa. Ine ndinali wamng'ono."

Ndinaona mmene anakumbira, chifukwa maso a mdzukulu amaona ngakhale pamwamba. Onse awiri anali okhota.

Ndinalambula yonse iwiri. Ndinaima pakati, ndinavula chipewa. Ndinali nditakonza mawu m'basi, koma sindinawanene. Si kwathu, ndipo panalibe wondiyankha.

Ena amati zinawayenera, chifukwa cha chingwe cha pamsika ndi nyumba zimene zinapsa. Ena amati tinachita manyazi aakulu. Ine sindine woweruza. Mlandu wa a Khansala uli kwa Mulungu, ndipo mboni zake zambiri ndinazikwirira ndi manja angawa. Chimene ndikudziwa ndi chakuti munthu anagogoda pansi ndi ndodo n'kunena kuti pano, ine ndinavomera, ndipo sagona pamenepo.

Tsopano ndili ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Sindigwiranso piki. Ndikakhala pakhonde ndimawerenga zimene tinataya tsiku lija, ndipo chiwerengero sichisintha. Munthu mmodzi, amene anasankha ife kusiya akwawo. Malo amodzi abwino kumanda, amene sangakumbidwenso. Thukuta la amuna asanu ndi mmodzi. Mabanja awiri amene ana awo angakumane pa Songani osadziwana kuti ndi magazi amodzi. Mkazi mmodzi wogona pambali pa nthochi, ndi mwana mmodzi amene bambo ake anamulonjeza kubwera. Ndime ziwiri ndi theka za nyimbo zimene zinatsala osayimbidwa. Ku Phalombe manda amodzi, ndipo palibe wamoyo angaloze kuti ndi ati.